Buloko Yolira Ngati Belu

Aliyense amene anagulapo injini yakale m'tauni muja ankawadziwa a Khutu. Dzinali analipata pa ntchito yawo ya umakaniko. Anzawo pogula buloko, chitsulo chachikulu chija momwe mumakhala mapisitoni, ankaiunika ndi tochi, kuipukuta, kuiyeza mpaka thukuta kamukamu. A Khutu ankangoimenya ndi kahamala n'kutchera khutu. Ikalira nthawi yaitali ngati belu, ndi yabwino. Ikangoti phu, ili ndi mng'alu, ngakhale ipakidwe penti yonyezimira. "Chikomekome cha nkhuyu," ankatero, n'kumapita.

Koma ukalamba sugogoda pakhomo. Makutu aja anayamba kuwathawa, ndipo iwo ankaganiza kuti chinsinsichi akuchidziwa ndi akazi awo okha.

Kuseri kwa nyumba kunali galimoto yawo yakalekale, ya mphuno yaitali ndi magetsi otuzuka, yomwe ananyamuliramo akazi awowo tsiku la ukwati. Buloko yake inang'aluka, nkhuku n'kulanda mpando wakumbuyo kuti ziziikirapo mazira. Mwana wawo wamkazi atanena kuti akukwatiwa, a Khutu analumbira pamaso pa abale onse kuti mwanayo adzakwera imeneyo basi. Atagona, mantha anawagwira. Buloko ina adzaisankha bwanji opanda makutu?

"Mayi," anatero m'mawa mwake, "inu mumayimba kwaya, makutu muli nawo. Mukaime patsogolo panga. Ikalira moipa, mukande mkono. Ikalira bwino, khalani phee."

Anapita kumalo ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa. Mabuloko anali ndandanda pansi pa shedi, pafupi ndi mulu wa matayala akale odzaza madzi a mvula. Amene amadziwa matayala otere amadziwanso amene amakhalamo.

A Khutu anamenya yoyamba. Mayi anakanda mkono.

"Yong'aluka iyi," anatero a Khutu, nkhope ili gwa.

Anamenya yachiwiri, mayi n'kukanda ndi manja onse awiri. "Iyi ndiye yafa kawiri!" Anayenda mzere wonse akuweruza milandu. Ina anati inamwa madzi, ina anati ndi yongoyenera kukhomerapo misomali. Mwini malo, bambo wamimba yake, anangoti kukamwa yasa. Uku mayi akuvina okhaokha, udzudzu utawapeza miyendo ndi khosi lomwe.

Atafika pa yomaliza, mtima wa a Khutu unagwa. M'maganizo anaona mwana wawo akutsika m'galimoto yobwereka, abale akugwira pakamwa. Apo ndi pamene mayi analanda kahamala, n'kubwerera pa buloko yoyamba ija, yadzimbiri, yosaoneka bwino. Anaimenya kamodzi.

"Iyi!" anakuwa. "Ikulira ngati belu! Ine ukundidya ndi udzudzu, bambo inu, si mabuloko!"

Mwini malo anaseka mpaka kukhala pa tayala. Kenako anayandikira khutu la mkuluyo. "Madala, tonse timadziwa kalekale. Nanga mumayesa timakukuwirani chifukwa chiyani?"

"Ndimayesa mwangokhala amwano," anatero a Khutu, manyazi atawagwira.

Komabe sanagule mwachimbulimbuli. Anayendetsa chala m'mabowo a mapisitoni, naona kuti ndi osalala. Anapaka palafini m'mbali, napukuta, napakanso choko kuti mng'alu wobisala udziulule. Choko chinakhala choyera mbee.

Tsiku la ukwati nkhuku zinali zitasamutsidwa, ngakhale nthenga imodzi inakakamirabe pa diresi la mkwatibwi. A Khutu anapotokola kiyi. Chiwongolero chinanjenjemera m'manja mwawo, anthu panja akuwomba m'manja, koma iwo sanamve kanthu. Zinawawawa. Moyo wawo wonse anamvetsera injini za eni ake, yawoyawo n'kudzawalirira atagontha.

Anatembenukira kwa akazi awo, n'kufunsa mokweza poyesa akunong'ona: "Ikulira bwanji?"

Mayi anapinda manja pachifuwa, n'kukhala phee. Udzudzu unatera pa mkono pawo, unamwa mpaka kukhuta, koma sanakande.