Buwe wa nyanga m'maziko a nyumba yanga

Ayi, sanalume munthu. Akanaluma bwenzi nkhani ili yapafupi, kuchipatala basi. Vuto linali nyangayo.

Ndinkakumba maziko a nyumba kwathu ku Liwaladzi, mvula ili pafupi, ife tikugonabe m'kanyumba kodontha. Khasu linagumula una, ndiye mukutuluka buwe, kangaude wamkulu waubweya uja. Koma ameneyu anali ndi kanyanga kamodzi pamsana, kopendekera kumbuyo. Ine abuwe ndakhala ndikuwaona chiyambire ubwana, koma pamsana amayang'anapo ndani? Umangoponda kapena kuthawa.

Akazi anga atamuona anati, "Bambo a ana, chimenechi ncholengedwa ndi Mulungu? Nyumba iyi muzidzagonamo nokha." Kenaka anatchula achimwene anga kuti mwina ndiwo achitumiza, poti tinali titakangana za malire a malo omwewo. Pakamwa ndinakana, koma mumtima, kaya. Sabata yathunthu sindinawapatse moni. Munthu wobadwa naye bere limodzi.

Buweyo ndinamusunga m'chigubu chodula. Patapita masiku ndikusuzumira, alimo awiri! Wina ali kwala, osagwedezeka, winayo akunyezimira ngati watsopano. Mutu unaima. Chinthu chimabereka bwanji chinzake chachikulu ngati icho chomwe? Ndinasiya kukumba.

Tsiku lomwelo kunabwera mlamu wanga wa ku Ngala, mng'ono wa akazi anga, mlimi wa chinangwa. Anangopisa dzanja m'chigubumo n'kutola wosagwedezekayo.

"Alamu, ndevu zonsezi mukuopa malaya? Wafundula uyu, ngati njoka. Gwirani."

Ndinagwira. Kupepuka ngati khoko la mtedza, m'kati mulibe kanthu.

"Nanga nyangayo?" anafunsa akazi anga.

Mlamuyo anatitengera kumunda kwathu komwe, dzuwa lili pamutu. Ankafuna mauna okhala ndi ulusi woyera pakhomo, n'kumalowetsamo kaudzu, kutekenya pang'onopang'ono. Una wachitatu, watulukira wa nyanga. Kutsogolo pang'ono, winanso.

"Achimwene anu ali ndi mphamvu, eti? Akumba mauna onsewa okha?" anatero mlamuyo.

Kenaka anakanganula khungwa la chipika chouma. Munali wina wofiirira, wopanda nyanga, ndipo anaimika miyendo m'mwamba kufuna ndewu. "Woti muzimuopa ndi uyu. Wa nyangayo ngwamanyazi."

Apa mpomwe ndimasokonezeka mpaka lero. Wa nyanga ndiye wofatsa, wopanda nyanga ndiye wolusa. Tsono nyangayo nja chiyani? Sagunda nayo, sakumbira. Onse timangoti buwe, koma kodi ndi a banja limodzi, kapena ali ngati chambo ndi kampango, ongokumana m'madzi? Mlamuyo naye anati sadziwa.

Pobwerera akazi anga anati ndipitirize kukumba. Ine ndinayamba ndadzera kwa achimwene. Ndinawapatsa moni, iwo n'kuyankha, kenaka anafunsa ngati milimo ya denga ndapeza kale. Sindinawauze chimene ndinkawaganizira. Kapena ankadziwa, kaya.

Mvula yoyamba inatipeza m'nyumba yatsopano. Ndiye poti mwafunsa amene anatithandiza, sanali sing'anga, sanalinso abusa. Ndi mlamu wanga wa ku Ngala uja.