Chomvera Mtima cha Amakutu

Kuchipatala cha ziweto aliyense ankawatchula kuti Amakutu, ngakhale makutu awo anali aang'ono ngati a mbewa. Sanali dokotala. Kwa zaka makumi atatu ntchito yawo inali kugwira agalu patebulo lachitsulo, kuwameta pabala ndi kukolopa. Koma m'thumba la malaya awo simunkasowa chomvera mtima, chija anapangira ana akhanda, cha kamutu kakang'ono ngati chitsekero cha botolo.

"Nthiti za galu n'zothinana," ankatero. "Chachikulu chimangomva ubweya."

Tsiku lina mlonda wa pafakitale anabwera ndi Kachira, galu wakuda amene ankalondera naye. Abwana ake anali atagamula kuti galu wogona pantchito akabayidwe jekeseni, afe, agule wina. Dokotala wachinyamata anamvetsera ndi chomvera mtima chake chatsopano chonyezimira, galu ali wefuwefu ndi mantha.

"Sindikumva chachilendo, bambo. Ndi ukalamba basi."

Mlonda anangoti ndwii pansi, akupotokola chingwe m'manja.

"Adokotala, tandibwerekani kaye mkuluyu," anatero Amakutu.

Anapita naye galuyo pakhonde lakuseri, posafika fungo la mankhwala. Anakhala pansi nafunditsa kamutu ka chomvera mtima chawo m'chikhatho, osafulumira. Wefuwefu atatha, anamutseka pakamwa mofatsa, naika kamutuko kuseri kwa mwendo wakutsogolo wakumanzere. Anatsinzina nthawi ndithu.

"Achimwene, bwerani mudzamve nokha."

"Ine? Ndimva chiyani, munthu wosiyira sukulu panjira?"

"Inu amene mumamva mbava ikupuma kuseri kwa mpanda, izi zikukanikeni?"

Mlonda anavala m'makutu. Du-du, kenako fuu, ngati tayala lobooka. Du-du, fuu. Misozi inalengeza.

Dokotala ataitanidwa anagwada pakhonde pomwepo, namva yekha. Sanachite makani.

"Si ulesi uwu, ndi mtima. Mapiritsi alipo, koma zolondera aiwale."

"Ndipita naye kwathu," anatero mlonda. "Abwana akagule wawoyo."

Kachira anakhala zaka zina ziwiri, akuwothera dzuwa pakhomo pa mlondayo, osauwa ngakhale nkhuku. Mwezi uliwonse mlonda akabwera kudzatenga mapiritsi, ankayamba wavulira chipewa Amakutu, kenako ndiye moni kwa dokotala. Dokotalayo sankadandaula. Nayenso m'khosi mwake munali mutalendewera kachomvera mtima ka ana, ndipo asanagunditse galu, ankayamba wakafunditsa m'chikhatho.