Duku la ku Kenti

Kwa Chisepo ankati mai Lenia n'ngouma mutu. Bodza lenileni! Iwo anali mai wa mwana mmodzi basi, Elifala, mphunzitsi amene anathawa m'dziko muno mu 1965 a chipani atamutcha chigawenga.

Patapita zaka, mbusa wina wochokera kumaphunziro ku Mangalande anawapatsira kansalu mobisa. Anati Elifala ali moyo, akugwira ntchito padoko la Dova, m'chigawo cha kunyanja chotchedwa Kenti. Pakansalupo panali mapu a chigawocho: maphompho oyera mbee a Dova, linga lakale loyang'anira adani a panyanja, tchalitchi chachikulu cha Kantabere, ndi nsanja younikira zombo.

"Azungu amapukutira mbale kameneka, amayi," anatero mbusayo.

"Mbale? Kwa mwana wanga ndizipukutira mbale?" Anakamanga kumutu pompo, kanakhala duku.

Kuwerenga sankadziwa, koma matauniwo anawaloweza ngati katekisimu. Kudimba, kumaliro, ku Chigwirizano cha amayi Lachinayi, duku lomwelo. Ukangofunsa, wadziputira wekha: ankalivula, n'kukuyendetsa ndi chala kuchoka ku Dova mpaka ku Kantabere, fodya wako akuuma m'munda.

Mawu ndiye akhala pati? Anafika kwa Aroni, wapampando wa nthambi ya chipani, amene anaphunzira kalasi imodzi ndi Elifala. Tsiku lokonzekera magule, amayi onse atavala nsalu ya chipani, iye anaimika mai Lenia pakati pa bwalo.

"Amayi, vulani chimenecho. Nenani pano kuti mulibe mwana, kwa inu anafa. Mukakana, galimoto ya apolisi a ku Dowa ikutengani."

Mantha anawagwira, asakunamizeni munthu. Koma anamasula duku lija, imvi zili mbuu.

"Aroni mwana wanga, wofedwa amameta. Taona tsitsili. Ndameta ine?"

Kutsekera nkhalamba ya mumpingo pamaso pa amayi onsewo Aroni anachita nako manyazi, ndiye mkwiyo wake unathera pakansalu. Anakatentha iwo akuona. Analira mai Lenia njira yonse yobwerera, kulira kwenikweni.

Sabata isanathe anatsika kudambo ndi dengu. Anakumba dothi loyera, katondo ndi makande, n'kutsutsuta khoma la nyumba yawo loyang'ana kumsewu. Kenako anajambulapo ndi zala: maphompho oyera, linga, tchalitchi, nsanja, chilichonse pamalo pake. Mvula inkafufuta, chilimwe iwo n'kubwezera, chaka ndi chaka mpaka manja anayamba kukana. Elifala sanamuonenso.

Koma chaka choyamba chija Aroni anadutsa panjinga, naima, n'kufunsa kuti zimenezi ndiye ziti.

"Ndi kwa mwana wanga Elifala," anayankha mokweza kuti oyandikana nawo amve. "Machesi uli nawo? Ndikugona momwemo."