Tewa m'thanki ya eni ake

Mayi wina wa kwathu, amene tinayandikana nyumba ku Lang'ata, anapita ku Malawi kutchuthi cha milungu itatu. Anandisiyira kiyi ndi ntchito imodzi: kudyetsa nsomba zawo. Ankaweta tinsomba tisanu ndi kamodzi ta m'nyanja yamchere m'thanki yagalasi pabalaza, ndipo kalikonse ankakadziwa.

Ine ndinaleredwa kuti munthu akakupatsa mbale, pobweza uikemo kanthu. Choncho Loweruka loyamba ndinakwera matatu, minibasi ya kuno, kupita kushopu ina ku Westlands kukagula nsomba imodzi yowonjezera. Inali yotalika ngati chikhatho, yofiira, ya timadontho tabuluu thupi lonse, itakhala phee pamwala. Ndinaiyesa mbuna ya kuno, yongodya ndere pamiyala. Sindinafunse.

Lachiwiri tinsomba tinali tisanu. Lachisanu tinali tinayi. Kakufa sindinakapeze.

Ndinatenga kabuku kanga ka utolankhani, n'kukhala pampando kulemba zimene ndinkaona pa nsomba yatsopano ija. Mchira wozungulira, osati wamphanda. Kamwa lalikulu, chibwano chapansi chotulukira kutsogolo. Masana sichoka m'phanga, imangosuzumira. Ndere sikhudza n'komwe. Lamlungu m'mawa kwambiri kansomba kachikasu kanadutsa pakhomo pa phangalo. Kamwa linatseguka kamodzi, kansombako kanalowa konse.

Lolemba ndinabwerera kushopu kuja.

"Hiyo ni tewa, mzee," anatero wogulitsa osadabwa, kutanthauza kuti nsombayo ndi tewa. Anati ndi wa mtundu waung'ono, amakhala m'miyala ya korali kugombe, amasaka m'mawa ndi chakumadzulo, amadya nsomba ndi tinkhanu, ndipo salola mnzake pamalo pake. Anawonjezera kuti onse amayamba ali aakazi, ena n'kusanduka aamuna akakula. Kumulandiranso anakana.

Ndinagawa thanki ija pakati ndi sefa wapulasitiki, tewa mbali yake, totsala titatu mbali inayo.

Mayi aja atabwera anawerenga ndi chala pagalasi, kawiri. Ndinawafotokozera zonse motsatana, ndi za mbale zomwe. Anayang'ana tewa nthawi yaitali.

"Achimwene, mukanangondigulira nthochi," anatero. "Kachikasu kaja ndinayamba nako kale, tikukhala ku Utawala."

Madzulo omwewo ndinanyamula tewa m'ndowa kupita naye kwanga. Alipobe, m'thanki yakeyake, ndipo wakula. Mayiwo timalonjerana bwinobwino pageti. Tchuthi chotsatira kiyi anasiyira banja la m'nyumba ya pansi.