Tayimutebulo Yanga pa Firiji ya Anti

Cholakwa changa chinali chimodzi: ndinaonetsa tayimutebulo kunyumba. Ndikanaipinda n'kuibisa m'kope, bwenzi lero ndisakulemba izi ndikukukuta mano.

Ndinali nditangoyamba chaka choyamba cha sayansi ku yunivesite mu Blantyre muno. Malo kuhositelo sindinawapeze, kwathu ndi ku Nsanje, choncho amayi anakagwada kwa achimwene awo kuti andisunge. Amalumewo ankakhala ku Namiwawa, nyumba yampanda, geti lachitsulo, mlonda ndi agalu awiri. Akazi awo ndinkawatchula kuti anti. Anali ndi golosale ku Chimwankhunda, ana awiri apulayimale, ndi mtsikana wantchito amene ankaphika, kuchapa ndi kukatenga anawo kusukulu.

Sabata yoyamba tinalembetsa maphunziro asanu: masamu, kemisitiri, fizikisi, bayoloji ndi lina lotiphunzitsa kulemba Chingerezi cha anthu ophunzira. Tayimutebulo, ndandanda uja wa masiku ndi maola a makalasi, anaimata pabolodi. Linali pepala limodzi la sukulu yonse, zilembo zake ngati nyerere. Ndinaima pamenepo anthu akundiponda zala mpaka ndinakopera zanga zokha. Nditafika kunyumba ndinazijambula bwinobwino ndi rula ndi bolopeni yabuluu, ola lililonse kabokosi kake. Timabokosi tina tinatsala topanda kanthu, koma m'mutu mwanga ndinali nditatidzaza kale. Apa ndizikhala kulaibulale, apa ndizilimbana ndi masamu amene anali atayamba kale kundiopsa.

Madzulo ake ndinapita nalo pabalaza pepala lija, kufuna kutamidwa. Amalume analiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kungoti, "Limbikira." Anti ndi amene analiwerenga, chala chikuyenda mzere ndi mzere.

"Kani ku yunivesite mumangokhala eti?" anatero. "Taona mipata yonseyi. Bweretsa kuno tilimate pa firiji, tizidziwa nthawi yokusungira chakudya."

Ndinasangalala, chitsiru ine. Ndimati ndi chikondi.

M'mawa mwake ndikukatenga mkaka ndinapeza bolopeni yofiira yadutsamo. Lolemba masana analembamo kuti "ana". Lachiwiri m'mawa, "kuchapa". Lachitatu masana onse, timabokosi titatu, analemba mawu amodzi ndi zilembo zikuluzikulu: "LIMBE". Lachitatu lililonse kusitolo ina ya amwenye yogulitsa mopikulitsa kunkafika katundu watsopano, ndiye pankafunika munthu wokaima pamzere, kuona kuti makatoni a sopo, mafuta ophikira ndi mabisiketi akwanira, n'kuwaperekeza kugolosale. Munthuyo tsopano ndinali ine. Mwezi usanathe mtsikana wantchito anauzidwa kuti apite kwawo akapume kaye, ndipo sanabwerenso.

Chimene anti sankadziwa, ndipo nanenso sindinkachidziwa, n'chakuti ophunzira sayansi ali ndi makalasi ena amene salembedwa pa tayimutebulo yaikulu. Ndi a mu labu, chipinda choyeseramo mankhwala. Tinalipo ambiri, labu yochepa, choncho ankatigawa m'magulu, ndipo mndandanda wa maguluwo unatuluka mochedwa, pakhomo pa labu pomwepo. Dzina langa linagwera m'gulu la kemisitiri la Lachitatu, kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko. Pansi pa mndandandawo panali lamulo, anachita kulidula mzere kunsi: wojomba katatu salemba mayeso, abwereza phunzirolo chaka chamawa. Kubwereza kwa ine kunali kutha kwa sukulu. Amayi akanalipirira bwanji chaka china chowonjezera ndi geni ya nsomba zouma?

Ndinawafotokozera anti nditagwada, monga tinaleredwera.

Anapita pa firiji n'kugogoda pepala ndi chikhadabo. "Labu ili pati apa? Walemba wekha ndi dzanja lako, Lachitatu palibe kanthu. Lero wangoona kuti pali Limbe, basi labu yamera?"

"Anti, mndandanda watuluka dzulo. Ndaujambula pa foni, taonani."

"Za pa foni aliyense atha kupanga. Ndinali mtsikana nanenso, ndimawadziwa malabu a Lachitatu masana. Amavala thalauzi."

Ndinatembenukira kwa amalume, amene anapitako ku koleji ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti labu n'chiyani. Sanadzutse n'komwe maso pa nyuzipepala. "Zimenezo kambiranani nokhanokha," anatero. Mpaka lero sindidziwa amene ndinakwiya naye kwambiri, wonenayo kapena wokhala cheteyo.

Ndinaimbira amayi. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anapumira m'mwamba. "Mwanawe, kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Usawayankhe. Akakuthamangitsa ndikuika kuti?"

Lachitatu loyamba la labu ndinapita ku Limbe. Ndinakhala pa thumba la shuga m'sitolo muja kudikira makatoni, chovala changa choyera cha mu labu chili m'chikwama, chisanavalidwepo. Mayi wachimwenye wolandira ndalama anaona buku la kemisitiri pamiyendo panga n'kufunsa kuti, "Lero kusukulu kulibe?" Ndinayankha kuti kulibe. Bodzalo linandiwawa mpaka ku Chimwankhunda.

Lachitatu lachiwiri ndinati ndichenjere, ndichite zonse ziwiri. Ndinathawa kalasi ya masamu isanathe, ndinakhala woyamba pamzere, ndinakweza makatoni, ndinakawatula. Nthawi inali ikanalipo. Koma minibasi yobwerera m'tauni inaima pa siteji injini ikulira, kondakitala akukuwa kuti, "Mmodzi yekha, tikunyamuka!" pomwe m'katimo tinali anayi. Ndinafika pakhomo pa labu thukuta lili kamukamu, chitseko atakhoma kale. Pagalasi ndinamuona mnzanga amene a labu anandiika naye patebulo limodzi, mtsikana wamtali wochita lendi ku Nancholi, akuvutika yekha ndi ntchito ya anthu awiri.

Ndinadikira panja mpaka anamaliza. Mayi woyang'anira labu anatuluka ndi kaundula m'manja. Anali mayi wosaseka ndi munthu. Ndinawapempha kuti andisinthire gulu lina.

"Magulu onse ndi odzaza, achemwali. Mabotolo ndi omwewa, sindingawabereke." Anatsegula kaundula n'kundionetsa mitanda iwiri pa dzina langa. "Watsala umodzi. Ine sindidana nanu, koma ndikalemba wachitatu ndalemba."

Sabata imeneyo ndinayesanso. Ndinapempha anti kuti Limbe ndizipita Lachinayi. Anati Lachinayi mafuta amakhala atatha. Ndinati mlonda angathe kupita. Anati ndiye pageti pakhale ndani, ineyo? Ndinatenga bolopeni yabuluu n'kulemba "labu" pakona pa kabokosi ka Lachitatu, tizilembo ting'onoting'ono taulemu. Mawa lake ndinapeza atakhwatcha ndi yofiira.

Pamenepo m'pamene mantha anatha, panatsala mkwiyo wokha. Ndinakhoza ndekha mayeso, ndikuwerengera panyali ya mabatire ku Nsanje kotentha kuja, anzanga akukwatiwa. Ndinasankhidwa ndekha. Ndiye zonsezo zithere pa katoni ya mabisiketi?

Lachitatu lachitatu anti anandipatsa kapepala ka katundu m'mawa monga mwa masiku onse. Ndinakalandira ndi manja awiri. Ndisananyamuke ndinanena kamodzi, momveka bwino, kuti, "Anti, lero ku Limbe sindipita. Ndili ndi labu." Anaseka n'kunena kuti tionana madzulo. Ankayesa kuti sindingayerekeze.

Isanakwane 2 koloko ndinali nditaima pakhomo pa labu, foni nditazimitsa. Chovala choyera chinali chikanali ndi mizere ya mopinda mwa kusitolo. Ndinasaina dzina langa, mayi aja anayang'ana siginecha, n'kundiyang'ana ine. Tsiku limenelo tinkadontheza mankhwala ena m'madzi a m'kabotolo, dontho limodzilimodzi, kudikira kuti asinthe mtundu. Ulendo woyamba ndinapyoletsa, madzi onse anangoti psuu. Mnzanga uja anati, "Ase, ukuthira ngati sobo bwanji? Tayambiranso." Ulendo wachiwiri anasanduka apinki pang'onopang'ono, monga buku linanenera. Ndinayang'anitsitsa kabotoloko, misozi ili lengelenge, chifukwa ichi n'chimene anandilanda kawiri konse.

Nditafika ku Namiwawa dzuwa lisanalowe ndinapeza anti ali pakhonde. Sanakuwe. Anati kugolosale kulibe ngakhale botolo limodzi la mafuta, makasitomala apita kwa oyandikana nawo, zonsezi chifukwa cha mwana amene amadya zaulere.

"Pano si pa resiti hausi," anatero. "Wasankha labu, labuyo ikusunge. Loweruka ndisakuone."

Amalume anali pomwepo, makiyi a galimoto ali m'manja. Ndinawayang'ana. Ndi mwana wa mlongo wawo amene ankathamangitsidwayo, mwana amene kwathu timati ndi wawo. Anakhosomola n'kulowa m'nyumba.

Mnzanga wa ku Nancholi anati kachipinda kake ndi kakang'ono koma mphasa ina ikwana. Amayi analira pa foni, anati ndawachititsa manyazi kwa achimwene awo, ndipo anawaimbira kupepesa. Kupepesa chiyani? Zimenezo zinandipweteka kuposa za anti. Kemisitiri ndinalemba ndipo ndinakhoza, sindinajombenso labu ngakhale tsiku limodzi, koma zimenezo zinadza pambuyo.

Loweruka lija m'mawa ndinalongedza chikwama ndi ndowa yanga. Ndisanatuluke ndinadzera kukhitchini kuti nditenge pepala langa. Ndinali nditangogwira kamaginito kolipanira pamene anti analankhula kumbuyo kwanga.

"Limenelo ulisiye. Lolemba kukubwera mtsikana watsopano, aziona pomwepo ntchito zake."

Ndinaliyang'ana pepalalo ngati ndikuliona koyamba. Mizere ndinajambula ndine, ndi rula wanga. Masamu, fizikisi, bayoloji zinali momwemo m'zilembo zanga zabuluu, koma zofiira zinali zitachuluka, zina zitakwera pamwamba pa zabuluuzo. Masabata onsewo ndimati pa firiji pali tayimutebulo ya wophunzira sayansi. M'nyumba monsemo ndinali ndekha woganiza choncho.

Ndinalizula ndi maginito omwe. Kamaginito kanagwa n'kugubudukira kunsi kwa firiji, ndipo sindinawerame kuti ndikatole.

"Mtsikanayo mumulembere lake, anti," ndinatero. "Ili ndi langa."

Aka kanali koyamba kuwayankha nditaimirira. Mlonda ananditsegulira geti, ndipo ndinayenda mpaka pa siteji pepala lili m'manja.