Tsiku limene bambo anapuluna nandolo

Bambo anga anakalambira m'tiyi. Ntchito yawo inali yopuluna, kudula mitengo ya tiyi kuti itsale yolekeza m'mabondo, iphukenso bwino. Atapuma ntchito tinkakhala nawo kwathu ku Khonjeni. Mutu unayamba kuwasokonekera pang'onopang'ono, koma akangodwala malungo, kaya chilonda chikatukusira, zinkafika poipa. Ankatukwana mayi pagulu, chikhalirecho iwo bambowo sanajombepo kutchalitchi pa Sabata.

Namwino wa kumishoni anandiuza kuti munthu akakalamba, asilikali a m'thupi sadziwanso kuleka nkhondo. Matenda atha, iwo akumenyabe, mpaka ubongo kutupa. Ine ndinamva, koma kawauzeni zimenezo anthu akwathu, amene nkhalamba ikangoyankhula yokha amati ndi mfiti.

M'nyengo ya chiperoni, nthawi imene kuesiteti ya tiyi amapuluna, bambo anadzuka pamphasa malungo asanathe n'kutenga chikwanje. Ine ndinamva phokoso ndikuchokera kuchigayo, n'kuthamangira komweko. Nandolo wa aneba athu anali atagona munda wonse, mitengo yodulidwa mofanana ndendende, yolekeza m'mabondo. Ntchito yaluso, ndisaname. Koma nandoloyo anali atachita kale maluwa.

Mwini munda anali atawatema bambo pamphumi ndi mpini. Magazi ali chuchuchu kulowa m'maso, iwo akuzunguzabe chikwanje. Anthu anayamba kutola miyala.

"Mfiti iyi! Yatopa kudya anthu, yayamba minda!" anakuwa mayi wina amene bambo anamufolerapo nyumba ulere.

Ndinapsa mtima koopsa. Ndinamukhuthulira ufa wonse kumaso. "Mfiti ndi amako!"

Ndinawagwira bambo chakumbuyo, tinagwera limodzi pa zitsa zosongokazo, china n'kundiboola ntchafu. Ndinawagonera pamwamba. Mwala woyamba unandipeza pamsana, wachiwiri unanding'amba khutu.

"Akudwala awa, anthuni! Akudwala!" ndinakuwa mpaka mawu kusasa.

Pansi panga bambo ankaphiriphitha ndi mphamvu zimene sindinkadziwa kuti akadali nazo. Anandiluma pamkono ndi mano awo otsalawo, osasiya mpaka magazi. Kenako anasuzumira kukhwapa kwanga, n'kuyang'ana anthu amene anali ndi miyala m'manja.

"Abale anga, tandithandizani," anatero akulira. "Ndichotsereni chigawengachi, chifuna kundipha."