Mutu Basi

Chaka chimene fodya wathu anabwezedwa ku okushoni, ine ndi amuna anga tinadwala nthenda imodzi. Chakudya sichinkalowa, ndipo ngakhale khasu linkatilemera. Mwayi wanga unali khanda kumsana. Nditapita nalo kusikelo ku Nambuma, anamwino anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, mwaondatu. Mukuganiza chiyani?" Ndinalira pomwepo pamaso pa azimayi anzanga, ndipo palibe anandiseka. Anamwinowo anati ndi matenda a maganizo, ndizibwera tizicheza.

Amuna anga ndinachita kuwakokera kuchipatala. Panjira ndinawapangira kuti, "Mukanene kuti mukuganiza kwambiri." Koma adokotala atawafunsa, anangoti, "Mutu basi." Anawayeza malungo osawapeza, n'kuwapatsa panado. Ndinapsa mtima.

"Bwanji simunanene, inu?"

"Ndimuuze chiyani mwamuna mnzanga? Kuti ndimakalira m'chigafa?"

Tinapita katatu, ndipo katatu konse unali mutu. Tsiku lina masana ndinawapeza m'chigafamo atagwira botolo la mankhwala opopera fodya. Ndinalitsomphola n'kukaliponya m'chimbudzi. Nanga zingwe za mbuzi ndi mitengo yonse ya m'mudzi muja, ndikanakaziponya kuti?